Kuthamanga mwa befu kapena kuchulukitsa makilomita: chimaumba katswiri n'chiti?

Pakati pa aphunzitsi a zamasewera m'sukulu zathu kuno ku Dedza, komanso anyamata ndi atsikana amene amadzikonzekeretsa okha mipikisano yothamanga, pali mtsutso umene sutha. Ena amati wofuna kupambana pa mamita 5,000 kapena 10,000 azithamanga mwaliwiro tsiku lililonse mpaka kukhosi kuume, chifukwa mpikisano suthamangidwa mwaulesi. Ena amati ayi, chofunika ndi kuchulukitsa makilomita pa sabata, liwiro lidzabwera lokha. Mbali zonse ziwiri zili ndi akatswiri oziikira umboni, ndipo zonse zili ndi ana amene zinawapweteka miyendo. Ine ndimakhulupirira kuti kwa mwana wa kuno, gawo lalikulu la ntchito liyenera kukhala makilomita othamanga mofatsa, ndipo liwiro la befu likhale la masiku awiri okha pa sabata. Koma kuti munthu avomereze zimenezi ayenera ayambe waona zimene zimachitika m'thupi, chifukwa kungoziyang'ana kunja zimaoneka ngati zosemphana ndi nzeru.

Minofu imapeza mphamvu m'njira ziwiri. Yoyamba imadalira mpweya wa okosijeni umene timapuma. Magazi amaunyamula kuchokera m'mapapo kupita ku miyendo, ndipo kumeneko umathandiza kuwotcha shuga ndi mafuta a m'thupi pang'onopang'ono. Njira imeneyi ikhoza kugwira ntchito maola ambiri. Yachiwiri sidikira mpweya. Imaphwanya shuga mofulumira n'kupereka mphamvu zochuluka nthawi imodzi, koma sichedwa kufooka, ndipo munthu amatsala miyendo italemera, ntchafu zikutentha. Wothamanga mamita 100 amadalira njira zosadikira mpweya. Chimene ambiri sadziwa n'choti ngakhale pa mamita 800, mpikisano umene akatswiri amaumaliza mphindi ziwiri zisanakwane, mphamvu zopitirira theka zimachokera ku mpweya. Pa mamita 1,500 ndi zopitirira 80 pa 100 zilizonse, ndipo pa marathon, makilomita 42.195, ndi pafupifupi zonse. Choncho kukonzekera mtunda wautali ndi kuphunzitsa thupi kukoka mpweya wambiri, kuufikitsa ku miyendo, ndi kuugwiritsa ntchito mosawononga.

Munthu akamathamanga mofatsa kwa mphindi 40 kapena ola lathunthu, masiku ambiri pa sabata, thupi limayamba kusintha mwakachetechete. M'masabata oyambirira madzi a m'magazi amachuluka. Pakapita miyezi chipinda chakumanzere cha mtima, chimene chimakankhira magazi ku thupi lonse, chimakula n'kumapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. N'chifukwa chake mtima wa munthu wamba akakhala pansi umagunda ka 60 mpaka ka 80 pa mphindi, pomwe wa katswiri wa mtunda wautali umatha kugunda ka 40 kokha. Suli wofooka, ukungogwira ntchito yomweyo ndi kugunda kochepa. M'minofu ya akatumba ndi ntchafu mumamera timitsempha tatsopano ting'onoting'ono tofikitsa magazi pafupi ndi ulusi uliwonse wa mnofu.

Ndiye pali tinthu tina tosaoneka ndi maso totchedwa mitochondria, tomwe tili m'kati mwa maselo. M'menemo ndi momwe mpweya umakumana ndi chakudya n'kutulutsa mphamvu. Mu 1967 wasayansi wa ku America, John Holloszy, anathamangitsa makoswe pa makina kwa masabata angapo, mpaka anafika pomathamanga maola awiri pa tsiku, ndipo anapeza kuti mphamvu ya tinthu timeneti m'minofu yawo inawonjezeka pafupifupi kawiri. Kwa anthu zimachitikanso chimodzimodzi. Tinthuti tikachuluka, thupi limatha kuwotcha mafuta ambiri n'kumasunga shuga. Izi n'zofunika kwambiri pa marathon, chifukwa shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi ndi wochepa. Wosakonzekera bwino amamutha akamayandikira makilomita 30, ndipo pamenepo miyendo imangokana, ngakhale mtima utafuna bwanji.

Pali kusintha kwina kumene kumatenga zaka. Wothamanga amene wadutsa makilomita ochuluka pa moyo wake amagwiritsa ntchito mpweya wochepa pa liwiro lomwelo poyerekeza ndi wongoyamba kumene. Mapazi amatera bwino, mikono sitayatayika, mtsempha wa kuchidendene umalimba n'kumabweza mphamvu pa sitepe iliyonse. Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, nthawi imene munthu wakhala akuthamanga. Ubwino wa kuthamanga mofatsa ndi woti ukachita lero, mawa udzuka uli bwino n'kukachitanso.

Tsono liwiro la befu limachita chiyani? Limakakamiza mtima kupopa mpaka pa mapeto a mphamvu zake, limadzutsa ulusi wa minofu umene sugwira ntchito munthu akamathamanga mofatsa, ndipo limazoloweretsa thupi ndi maganizo kupirira ululu wa mpikisano. Zotsatira zake sizichedwa kuoneka. Mu 2007 Jan Helgerud ndi anzake ku Norway anayesa izi. Gulu lina linkathamanga mwamphamvu mphindi zinayi, n'kufatsa mphindi zitatu, kubwereza kanayi, katatu pa sabata. Patatha masabata asanu ndi atatu, kuchuluka kwa mpweya umene matupi awo ankatha kugwiritsa ntchito, kumene asayansi amakutcha VO2max, kunakwera ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse. Gulu lomwe linkathamanga mofatsa, pogwira ntchito yofanana kukula kwake, silinasinthe kwenikweni pa muyeso umenewu.

Wokonda liwiro akamva zimenezi amati nkhani yatha. Koma taonani bwino momwe kafukufukuyo anachitikira. Anatenga masabata asanu ndi atatu okha, ndipo ntchito ya magulu onse anaiyeza kuti ikhale yofanana. Pa moyo weniweni sizikhala choncho. Munthu wozolowera akhoza kuthamanga mofatsa maola asanu ndi atatu pa sabata, chaka chonse. Palibe amene angathamange mwa befu maola amenewo ngakhale kwa mwezi umodzi. Phindu la liwiro limabwera msanga koma limafika poima pakapita masabata owerengeka, ndipo ukaumiriza kupitirira pamenepo chimene chimakula ndi kutopa. Mlimi wa chimanga amadziwa kuti feteleza wobereketsa amagwira ntchito pa mbewu imene yazika kale mizu, ndipo ukamuthira wambiri pa kambewu kanthete m'nthaka youma, amakawotcha. Liwiro la befu ndi feteleza wotero.

Mtsutsowu si wathu wokha, ndipo ndi wakale. M'zaka za m'ma 1930 ku Germany mphunzitsi Woldemar Gerschler anakhazikitsa njira yothamanga timitunda tatifupi mwaliwiro n'kumapumula pakati, imene lero timaitcha interval. Iye ndi dokotala wa mtima Herbert Reindell ankayang'ana kugunda kwa mtima: kukwere mpaka ka 180 pa mphindi, wothamanga afatse mpaka kutsike kufika ka 120, kenako ayambirenso. Wophunzira wa Gerschler, Rudolf Harbig, anathamanga mamita 800 pa 1:46.6 mu 1939, ndipo rekodi imeneyi inakhala zaka 16 isanathyoledwe. Roger Bannister wa ku England, amene pa 6 May 1954 anakhala munthu woyamba kuthamanga mailo imodzi mphindi zinayi zisanakwane, anali wophunzira udokotala wopanda nthawi. Ankakonzekera pa nthawi ya nkhomaliro, kuzungulira bwalo kakhumi mwaliwiro n'kumapumula mphindi ziwiri pakati.

Dzina limene okonda liwiro amalitchula kwambiri ndi la Emil Zátopek wa ku Czechoslovakia, amene pa Olimpiki ya ku Helsinki mu 1952 anatenga golide pa mamita 5,000, mamita 10,000 ndi marathon, chinthu chimene palibe wina anachitapo. Iyeyu ankathamanga mamita 400 ka 40 kapena kupitirira pa tsiku limodzi. Koma tawerengerani. Mamita 400 ka 40 ndi makilomita 16, ndipo pakati ankafatsa mamita 200 akuthamangabe, omwe ndi makilomita ena 8. Pamenepo ndi makilomita 24 pa tsiku. Palibe munthu angazungulire bwalo ka 40 pa liwiro lake lonse, choncho zambiri mwa izo zinali pa liwiro loti akhoza kulipirira. Zátopek anali munthu wa makilomita ambiri, anangowadula m'zidutswa.

Mbali inayi mtsogoleri wake anali Arthur Lydiard wa ku New Zealand. Iyeyu ankauza othamanga ake, ngakhale a mamita 800, kuti ayambe nyengo ndi masabata ambiri othamanga mailosi 100 pa sabata, omwe ndi makilomita 160. Lamulungu lililonse ankakwera zitunda za Waiatarua pafupi ndi Auckland, ulendo wa makilomita 35. Anthu ankadabwa kuti munthu wa mpikisano wa mphindi ziwiri akuvutikiranji ndi mtunda wotere. Pa Olimpiki ya ku Rome mu 1960, Peter Snell anapambana mamita 800, ndipo tsiku lomwelo mnzake Murray Halberg anapambana mamita 5,000. Wachitatu, Barry Magee, anatenga mendulo ya bronze pa marathon. Ku Tokyo mu 1964 Snell anatenga golide pa 800 ndi pa 1,500 pomwe. Chimene otsanzira Lydiard amakonda kuiwala n'choti makilomita aja anali chiyambi chabe. Akatha ankalowa masabata okwera zitunda modumphadumpha, kenako masabata a liwiro pa bwalo, mpikisano usanafike.

Alipo amene anapambana ndi makilomita ocheperapo, monga Sebastian Coe amene ankaphunzitsidwa ndi bambo ake n'kutenga golide pa mamita 1,500 mu 1980 ndi 1984. Koma Coe anali wa 800 ndi 1,500. Mtunda wa mpikisano ukamatalika, zitsanzo zotere zimasowa.

Wasayansi Stephen Seiler, amene amagwira ntchito ku Norway, anafufuza momwe akatswiri othamanga, opalasa njinga, opalasa bwato ndi otsetsereka pa chipale chofewa amakonzekerera. Anapeza chinthu chofanana paliponse: pa maulendo khumi okonzekera, pafupifupi asanu ndi atatu amakhala ofatsa, awiri okha ndiwo olimba. Arturo Casado wa ku Spain ndi anzake anaunika mbiri ya zokonzekera za othamanga 85 apamwamba, ndipo chimene chinkagwirizana kwambiri ndi kupambana kwawo chinali kuchuluka kwa makilomita onse ndi makilomita ofatsa, kenako kuthamanga kwa tempo, kumene ndi kolimbirapo koma kosafika pa befu, ndi timitunda tatifupi taliwiro.

Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene anathamanga marathon pa 2:01:09 ku Berlin mu 2022, amakonzekera ku Kaptagat ndi mphunzitsi wake Patrick Sang. Pa sabata amadutsa makilomita 200 kapena kupitirirapo. Masiku olimba amakhala atatu: Lachiwiri pa bwalo, Lachinayi ulendo wautali wa makilomita 30 mpaka 40, Loweruka fartlek, kumene ndi kusinthasintha liwiro pa msewu motsatira wotchi. Zotsala zonse ndi zofatsa, nthawi zina mphindi zisanu pa kilomita, kwa munthu amene pa mpikisano amadutsa kilomita mphindi zitatu zisanakwane. Jakob Ingebrigtsen wa ku Norway, wa golide wa Olimpiki pa 1,500 ku Tokyo mu 2021 ndi pa 5,000 ku Paris mu 2024, amatchuka ndi kukonzekera kawiri pa tsiku pa liwiro lolimbirapo. Koma iye amadzibaya chala n'kuyeza ndi kamakina lactate, chinthu chimene chimachuluka m'magazi minofu ikamagwira ntchito mwamphamvu, cholinga chake n'choti asapyole malire. Ngakhale tsiku lake lolimba ndi lodziletsa, ndipo pansi pake pali makilomita opitirira 150 pa sabata.

Ndiye akatswiri sasankha chimodzi n'kutaya chinzake. Amachulukitsa zofatsa kuti akhale ndi mphamvu zochitira zolimba bwinobwino. Vuto limene ndimaliona kwathu kuno si liwiro lokha kapena makilomita okha ayi. Ndi kukhala pakatikati tsiku lililonse.

Zimachitika motere. M'mawa wa mu June, chisanu chili tsemwe, anyamata asanu ndi atatu anyamuka pa bwalo la sukulu kulowa msewu wafumbi wodutsa m'minda ya kachewere. Akochi anena kuti lero n'kufatsa, mphindi 45. Makilomita awiri oyamba akucheza, wina akunena za mpira wa dzulo. Akufika pa mjigo pamene anthu ayamba kale kutunga madzi, mmodzi wawonjezera sitepe. Mnzake sakufuna kuoneka wotsalira, wamutsata. Macheza atha. Pa chitunda chotsatira gulu laduka patatu, ndipo wamng'ono pa onse akuthamangitsa anzake akupuma mwawefuwefu. Akubwerera pa bwalo aliyense wagwira m'mawondo, akusangalala kuti lero ntchito yagwirika. Mawa lake ndi tsiku la interval. Mnyamata amene amayenera kuzungulira mamita 400 pa masekondi 72 akuchita 79, pofika kachisanu wayamba kuyang'ana pansi n'kunena kuti, "Akochi, miyendo yakana." Tsiku lofatsa silinafatse, ndipo tsiku lolimba silinalimbe. Akachita zimenezi miyezi itatu, nthawi yake pa mamita 5,000 imangoima pamodzimodzi, misongolo ikuwawa, ndipo iye amaganiza kuti mankhwala ake n'kulimbikira kuposa pamenepo.

Kufatsa kwenikweni kumayesedwa mosavuta. Ngati mungathe kufotokozera mnzanu nkhani yonse mukuthamanga, osaduladula mawu kuti mukoke mpweya, muli pa liwiro loyenera. Ngati mukungotulutsa mawu atatu kapena anayi n'kupuma, mwalowa mu tempo, lomwe ndi liwiro loti munthu wokonzeka angalisunge pafupifupi ola limodzi pa mpikisano. Ngati simungayankhule n'komwe, muli pa befu. Amene akufuna manambala aime kaye, aike zala ziwiri pa mtsempha wa pakhosi, awerenge kugunda kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Kwa wachinyamata amene mtima wake umafika pafupifupi ka 200 akathamanga ndi mphamvu zonse, kufatsa kumakhala cha m'ma 130 mpaka 150. Ndi bwinonso kuwerenga m'mawa musanadzuke pa mphasa. Mukaona kuti kwa masiku angapo mtima ukugunda mofulumira kuposa mwa nthawi zonse, tulo sitikubwera bwino, chakudya sichikukoma, thupi likupempha kupumula kapena mwayamba kudwala.

Koma walira mvula walira matope. Makilomita ambiri ali ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene malangizo ochokera kunja, amene ana athu amawaona pa foni, amasiyana ndi moyo wa ku Bembeke kapena ku Linthipe. Choyamba ndi chakudya. Pa kilomita iliyonse thupi limawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu (kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya). Mnyamata wolemera makilogalamu 55 akathamanga makilomita 100 pa sabata wawotcha makalori pafupifupi 5,500 pamwamba pa zimene thupi limafuna nthawi zonse. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Kutanthauza kuti mwanayo akufunika chakudya chowonjezera chofanana ndi ufa wa kilogalamu imodzi ndi theka sabata iliyonse, osawerengera ndiwo. M'banja la ana asanu, mwezi wa January kapena February nkhokwe itapepuka, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mphunzitsi amene akuwonjezera mwana makilomita asanafunse kuti kunyumba amadya kangati pa tsiku akumulakwira mwanayo.

Thupi likamagwira ntchito yambiri ndi chakudya chochepa limayamba kudzidya lokha. Mafupa amafooka, matenda amabwera pafupipafupi, ndipo kwa atsikana chizindikiro chachikulu ndi kusiya kusamba kwa miyezi. Ena amauzana kuti zimenezi ndi umboni woti alimba. Si zoona, ndi chenjezo loti mafupa ali pa ngozi, ndipo mtsikana wotero afunika kuchepetsa kuthamanga, kudya mokwanira ndi kukaonana ndi achipatala. Kuchepa kwa magazi nakonso kumagwetsa othamanga ambiri, makamaka atsikana ndi amene angodwala kumene malungo, chifukwa magazi ndiwo amanyamula mpweya uja. Mwayi wathu ndi woti dera lino limalima zambiri zofunika: nyemba, soya, mtedza, kachewere, kabichi ndi masamba ena. Nsima ya mgaiwa ndi nyemba, nkhwani zotendera, usipa kapena dzira zikapezeka, phala la soya m'mawa, nthochi kapena thobwa munthu akangobwera kothamanga, zimenezi zimakwanira bola zikhale zochuluka. Wodwala malungo asathamange thupi likutentha, ndipo akachira ayambirenso mofatsa kwa sabata imodzi kapena ziwiri asanakhudze liwiro.

Chachiwiri ndi ntchito. Kipchoge akabwera kothamanga m'mawa amakhala ndi nthawi yogona masana. Mwana wa kuno akabwera amatunga madzi, amayenda makilomita anayi kupita kusukulu, madzulo ali kudimba. Kuyenda kumeneku kuli ndi ubwino wake, chifukwa miyendo ndi mtima zimakhala zitalimba kale poyerekeza ndi mwana wa m'tauni wokwera minibasi. Koma kuyenera kuwerengedwa. Tsiku lounga mizere kuyambira m'bandakucha, kapena lokankha njinga ya matumba a kachewere kupita ku msika wa Lizulu, ndi tsiku lolimba kale. Kuikaponso interval madzulo ake n'kungodzipweteka.

Chachitatu ndi mafupa ndi nsapato. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito m'masabata, koma mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi. Apa ndi pamene ambiri amagwera: mpweya ukuwalola kuwonjezera, iwo n'kulumpha kuchoka pa makilomita 30 kufika 70 m'mwezi umodzi, msongolo usanakonzeke. Ululu umene uli pa malo amodzi oti mungathe kuwaloza ndi chala, umene ukukula mukamathamanga ndipo ukubaya mukadumpha ndi mwendo umodzi, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa. Umenewo sathamanga nawo. Opanga nsapato amati zimatha mphamvu zikadutsa makilomita 500 mpaka 800, ndipo za pa kaunjika zimabwera zitayenda kale mtunda wosadziwika. Misewu yathu yafumbi ndi tinjira ta m'minda zimachepetsa vutoli chifukwa n'zofewa kuposa phula. Msewu wa M1 ndi wolimba, komanso m'mawa wa nkhungu oyendetsa malole saona munthu msanga. Ndi bwino kuupewa.

Pa nkhani ya malo, Dedza ndi wodala. Boma lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Iten ndi Kaptagat ku Kenya ali cha m'ma 2,400, choncho sitifanana nawo, komabe m'matauni a m'Malawi muno palibe lokwera kuposa lathu. Nyengo yozizira imalola munthu kuthamanga nthawi yaitali osatenthedwa, ndipo zitunda zili paliponse mpaka ku Tsangano. Luso nalo lilipo m'dziko muno. Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004. Kukwera kwa malo kuli ndi phunziro lake. Mpweya ndi wopepuka pang'ono, motero liwiro limene wina amalitcha lofatsa ali m'mphepete mwa nyanja likhoza kukhala lolimba kuno. Musakopere mphindi za pa intaneti, mverani kupuma kwanu.

Zitunda zimathetsanso vuto la kusowa kwa bwalo labwino. Kukwera chitunda mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kutsika mukuyenda kapena kufatsa, kubwereza kasanu ndi kamodzi mpaka kakhumi, kumakankha mtima ngati interval ya pa bwalo, koma mwendo sumenya pansi mwamphamvu chifukwa nthaka ikukumana nanu pamwamba. Msewu wokwera phiri la Dedza m'kati mwa mitengo ya paini ndi woyenera ntchito imeneyi. Ofuna kuzungulira bwalo la mpira adziwe kuti m'mbali mwake simukwana mamita 400. Bwalo lalikulu limakwana pafupifupi 350, ndipo ambiri a m'sukulu ndi ocheperapo. Ndi bwino kuyeza ndi nthawi, monga mphindi zitatu mwamphamvu ndi mphindi ziwiri mofatsa, kasanu.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa zaka 17 kapena 18 amene panopa amathamanga makilomita 30 pa sabata ndipo akufuna mamita 5,000, ine ndingamuuze kuti miyezi itatu yoyamba aiwale za wotchi. Awonjezere makilomita atatu kapena asanu pa sabata, ndipo sabata yachinayi iliyonse abwerere m'mbuyo kuti thupi ligwire. Kawiri pa sabata, akamaliza kufatsa, athamange mamita 80 mpaka 100 mwaliwiro koma momasuka, kasanu, akupumula mokwanira pakati. Timitunda timeneti sititopetsa, koma timasunga miyendo kuti isaiwale kufulumira. Akafika cha m'ma 50 miyendo ili bwinobwino, alowetse masiku awiri olimba: Lachiwiri interval kapena chitunda, Lachinayi tempo ya mphindi 20. Loweruka ulendo wautali wofatsa wa ola ndi theka, Lamulungu kupumula, masiku otsalawo mphindi 40 zocheza. Makilomita 60 kapena 70 pakutha pa chaka ndi ambiri kale pa msinkhu umenewu. Aja a 200 ndi a anthu amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Kipchoge anapambana mamita 5,000 pa mpikisano wa dziko lonse ku Paris mu 2003, ndipo marathon yake yoyamba anaithamanga mu 2013 ku Hamburg, patadutsa zaka khumi. Ana a ku pulayimale asawerengeredwe makilomita n'komwe. Azisewera mpira, azithamangitsana, azipikisana timitunda tatifupi.

Pali nthawi zimene liwiro liyenera kupatsidwa malo okulirapo, ndipo sindikufuna kuzibisa. Mphunzitsi amene wauzidwa kuti mpikisano wa masukulu uli m'masabata asanu ndi limodzi sangamange maziko a chaka chonse. Kwa ana amene amayenda kale mitunda tsiku ndi tsiku, interval kawiri pa sabata ndi masiku ofatsa pakati idzamupatsa zotsatira msanga. Munthu wamkulu wa pa ntchito amene ali ndi masiku atatu okha pa sabata apindulanso akaika tsiku limodzi lolimba, lina la tempo, lachitatu lalitali. Wa mamita 800 afunika liwiro lochuluka kuposa wa 10,000. Koma wofuna marathon ya ku Blantyre, kapena makilomita 21 a ku Lilongwe, alibe chidule. Ayenera kuzoloweretsa miyendo kukhala pa msewu maola awiri kapena kupitirira, ndipo popeza mizinda imeneyi ndi yotentherapo kuposa Dedza, maulendo ena autali aziwachita dzuwa litakwera pang'ono, atanyamula madzi. Wofuna Porters Race ya ku Mulanje, yomwe imakwera phiri n'kutsikanso pa mtunda wopitirira makilomita 20, aphunzirenso kutsetsereka, chifukwa ntchafu zosazolowera matsitso zimafa msanga kuposa mapapo.

Mpikisano ukatsala masiku khumi, makilomita adulidwe pafupifupi ndi theka. Liwiro lisasiyidwe, koma lichepe: amene amazungulira kakhumi azungulire kanayi kapena kasanu pa liwiro la mpikisano, komaliza kukhale patatsala masiku anayi. Masiku awiri omaliza ndi a mphindi 20 zofatsa kapena kupumula, kudya nsima yokwanira, kumwa madzi ndi kugona msanga. Nsapato zatsopano, ngakhale zitaoneka bwino chotani pa msika, zisavalidwe koyamba pa tsiku la mpikisano.